Enzaimu ya m'ndere yosandutsa mafuta kukhala dizilo nyale ikayaka

(Pa kanema: kabotolo kagalasi, madzi achikasu mkati, nyale ya buluu pambali.)

Taonani kabotoloka. Mumdima palibe chikuchitika. Tikayatsa nyale, mafuta ali mkatimu ayamba kusanduka dizilo.

Ntchitoyi ikugwiridwa ndi enzaimu, kutanthauza puloteni yofulumizitsa kusintha kwa makemikolo, yotchedwa FAP (fatty acid photodecarboxylase). Anaitulukira mu 2017 asayansi a ku Cadarache, m'dziko la France, mu ndere yaing'ono kwambiri ya Chlorella variabilis. Chikasu mukuonachi ndi FAD, kanthu kokhala mkati mwa enzaimu komwe kamameza kuwala kwa buluu. Kakatero kamalanda elekitironi (kachidutswa ka atomu konyamula magetsi) ku asidi wa mafuta, yemwe ndi gawo lalikulu la mafuta, mutu wa asidiyo n'kuduka, kuuluka ngati mpweya wa CO2. Asidi wa mafuta wotchedwa palmitic, wa makaboni (maatomu a kaboni) 16, amatsala ndi 15, dzina lake pentadecane, wa gulu lomwelo la mafuta a mu dizilo. Mafakitale amachita zotere ndi haidirojeni pa kutentha koposa madigiri 300, pomwe kuno madzi ofunda basi akwanira.

Kuti apeze enzaimuyi, asayansi sapita kukakolola ndere. Jini yake, yomwe ndi malangizo opangira enzaimuyo, amaiika mu bakiteriya wa E. coli kuti aipange yambiri.

(Pa kanema: chithunzi cha enzaimu, kangalande kakatali mkati.)

Kangalandeka kanapangidwira asidi aataliatali, a makaboni 16 kapena 18. Wamfupi akalowa amangogwedera, osafika bwino pa FAD. Ku Delft, ku Netherlands, asayansi anapeza njira yochenjera: kuthiramo kamolekyu kena kongodzaza malo otsalawo kuti wamfupiyo akhazikike. Ena amasintha ma amino asidi, tizidutswa topanga enzaimu, a m'mbali mwa ngalandeyo.

Tsopano povuta. Kuwala komwe kumaiyendetsa ndi komwenso kumaipha. FAD ikameza kuwala asidi palibe, imalanda elekitironi ku enzaimu yeniyeniyo, ndipo enzaimuyo imawonongeka mpaka kalekale. Ndiye thirani mafuta kaye, nyale pambuyo. Poisefa ndi poisunga, ikhale mumdima kapena pa nyale yofiira. Ambiri akaona kuti ntchito yachedwa amathamangira kuwonjezera nyale, kumene kuli kufulumizitsa imfa yake.

Nanga thanki yaikulu? Madzi odzaza maselo a bakiteriya uja ndi mbuu, kuwala kumathera m'mphepete, pakati n'kukhala mdima. N'chifukwa chake akatswiri amayendetsa madziwo m'timapaipi topyapyala tozunguliridwa ndi ma LED, kapena kumiza timagetsi m'thanki momwemo. Magetsi a ma LED amenewo nawonso awerengedwe pa mtengo wa lita iliyonse.