Kabokosi kofunsa "Mukufunadi kufufuta?" mu Flutter ndi React Native

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za kabokosi kaja kamatulukira pakati pa sikirini munthu akadina batani lofufuta chithunzi. Opanga ma app amakatcha alert dialog. Kamaoneka kosavuta, koma mukakalemba molakwika, munthu amataya chithunzi chomwe sankafuna kutaya.

Tiyambe ndi Flutter, chida cha Google chopangira ma app a Android ndi iPhone. Mumaitana showDialog, n'kuikamo AlertDialog yokhala ndi mutu, uthenga ndi mabatani. Kuyambira Flutter 3.13, yomwe inatuluka mu 2023, palinso AlertDialog.adaptive. Imeneyi pa iPhone imaoneka ngati ya iOS, pa Android n'kuoneka ngati ya Material (kaonekedwe ka ma app ka Google), khodi ili imodzimodzi.

Tsopano yang'anitsitsani apa, poti mpamene ambiri amapunthwa. showDialog imabweza Future, lomwe ndi lonjezo loti yankho libwera pambuyo pake, ndiye mukaiwala kulemba await (mawu ouza khodi kuti idikire yankholo) kutsogolo kwake, mzere wotsatira umagwira ntchito kabokosi kakadali pa sikirini. Taonani: ndadina, funso latuluka, koma kuseri kwake chithunzi chapita kale ine ndisanayankhe. Ikani await. Batani lofufuta libweze yankho ndi Navigator.pop(context, true), lokana libweze false.

Nanga munthu akadina pamalo amdima aja kunja kwa kabokosi? Flutter imakatseka, ndipo yankho limakhala null, kutanthauza kuti palibe yankho. Munthu ameneyu sanavomere chilichonse. Choncho muzifufuta pokhapokha yankho likakhala true, osati kungoti silinali false. Ndipo musanagwiritsenso ntchito context (cholozera tsamba lomwe mulipo) pambuyo pa await, yambani mwaona context.mounted, chifukwa tsambalo likhoza kukhala litatsekedwa kale.

React Native, chida china chopangira ma app chomwe Facebook inatulutsa mu 2015, imachita mosiyana. Alert.alert imaitana kabokosi ka foniyo komwe, ndipo palibe choti mudikire. Ntchito yofufuta muiike mu onPress ya batanilo basi, pomwe pamakhala khodi yogwira ntchito batani likadinidwa. Koma poti kabokosi ndi ka foni, malamulo ndi a foninso. Android imalola mabatani atatu okha, lachinayi silioneka. Style ya destructive, yomwe imafiiritsa batani, imaoneka pa iOS. Alert.prompt, yoti munthu alembemo mawu, ndi ya iOS yokha. Ndipo pa Android kudina kunja sikutseka kabokosi pokhapokha mutaika cancelable kukhala true, zosiyana ndi Flutter.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi mawu apamabatani. Funso likuti "Mukufuna kusiya?", mabatani ndi "OK" ndi "Cancel". Kodi Cancel ikutanthauza kusiya, kapena kusasiya? Anthu ambiri sawerenga uthenga, amangoyang'ana batani. Lembani ntchitoyo pabatani pomwepo: "Fufutani chithunzi", linalo "Chisungeni".

Musanatulutse app yanu, iyeseni pa foni zonse ziwiri. Dinani kunja kwa kabokosi, pa Android dinaninso batani lobwerera, kenako katsimikizeni kuti chithunzi chikadalipo.