Musathawe sikani: mawu a mlangizi wa zaumoyo pa msonkhano wa m'mudzi

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi.

Mwezi uno amayi oyembekezera angapo ajomba ku sikelo. Nditafunsa, akuti pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti makina ojambulira mimba aja, a sikani, amatchaja kachipangizo kobisika m'thupi. Ndinanena ku mjigo, ndikubwerezanso pano: sikani siika kanthu m'thupi mwanu. Musathawe sikani.

Nkhaniyi anthu aipotoza, koma ili ndi pomwe inachokera. Mukudziwa ng'oma ikalira pafupi, m'chifuwamu mumanjenjemera. Phokoso lili ndi mphamvu. Lilipo phokoso lina lomwe khutu lathu silimva, lonjenjemera kopitirira ka 20,000 pa sekondi, longa la mileme usiku. Dzina lake ultrasound, ndipo sikani imagwiritsa lomwelo. Kulinso timiyala tina toti tikanjenjemeretsedwa timatulutsa magetsi pang'ono. Ndiye akatswiri anati, bwanji tipange kachipangizo kopanda batire, kazidya phokosoli? Mu 2016 a pa yunivesite ya California ku Berkeley anayesadi pa makoswe, kachipangizo kakang'onong'ono komvera mitsempha. Ku America komweko kuli kena kofanana ndi njere ya mpunga, kothandiza mtima wofooka kugunda bwino. Koma tamverani: amakalowetsa mumtima ndi madokotala a mtima, wodwalayo atasaina, ndipo chotumiza phokosocho ndi batire yake amachisokerera pansi pa khungu pachifuwa. Si zobisa ayi. Si za pa sikelo pathu pano.

Eee, agogo, funsani.

(Agogo aamuna: "Nanga munthu sangayatse kachinthuko ali kutali, pa foni kapena pa nsanja ya netiweki?")

Mwafunsa bwino agogo, khalani pansi ndiyankhe. Sangathe. Phokosoli limayenda bwino m'madzi ndi m'mnofu, koma likakumana ndi mpweya limabwerera pafupifupi lonse. Amayi amene munajambulitsapo, si paja anamwino amayamba akupakani mafuta ozizira aja pamimba? Amapaka kuti pasatsale mpweya pakati pa makina ndi khungu. Akapanda kupaka, chithunzi sichioneka. Tsono ngati kampweya kochepa chonchi kakulepheretsa makina amene akukhudza thupi, wa ku tauni angakufikeni bwanji? Inalipo kampani ina, uBeam, imene inalonjeza kutchaja mafoni ndi phokosoli kudzera mumpweya. Ndalama zinalowa zambiri, koma tchaja yoteroyo simunaionepo pa msika. Nsanja za netiweki nazo zimatumiza mafunde a wailesi, osati phokoso.

Abambo, inu mukundidandaulitsa. Uthenga wangofika, simunauwerenge n'komwe mpaka kumapeto, mwautumiza kale ku gulu la mpingo, kenako mukuletsa mayi kupita ku chipatala. Chaka chatha mayi wina wa kutsidyaku sikani inaonetsa kuti mwana wapingasa. Anamutumiza msanga ku chipatala chachikulu, lero mwanayo akuyenda. Akanamvera za pa foni bwenzi tikunena zina. Musathawe sikani, chonde.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mukazindikira kuti muli ndi pakati, yambani sikelo msanga. Jambulitsani mimba isanakwane masabata 24, ndi momwe bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangizira. Abambo perekezani. Uthenga wokayikitsa musatumize, bwerani nawo kwa ine tiuonere limodzi. Amene munajomba, buku lanu la ku sikelo m'manja, tikumane Lachiwiri m'mawa, palibe amene akakukalipireni. A mfumu, ndabweza kwa inu.