Mbande Siikalambira pa Nazale

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Machitidwe a Atumwi 8:1-8.

Amene munalimapo tomato kapena fodya mukuudziwa ubwino wa pa nazale: madzi m'mawa ndi madzulo, udzu wotchinga dzuwa, dothi lofewa. Koma nthawi yowokera ikayandikira, mlimi amachepetsa madzi n'kuchotsa udzu uja kuti mbande zikhwime, kenako amazizula. Ukapita kumunda masana a tsiku loyamba umazipeza zitafota, masamba ali zyolizyoli, mtima n'kumati zafa basi. Pakapita masiku angapo umaona zadzuka, mizu yagwira. Zotsalira pa nazale zija zimangothithikana, kutalika monyozoloka, osabala kanthu.

Yesu anali atanena kale, pa Machitidwe 1:8, kuti ophunzira ake adzakhala mboni ku Yerusalemu, ku Yudeya konse, ku Samariya mpaka kumalekezero a dziko. Koma ku Yerusalemu kunkakoma. Pa Pentekoste pokha anabatizidwa anthu pafupifupi 3,000, ankadyera limodzi m'makomo, wosowa ankamugawira. Ndani akanafuna kuchokako? Okhulupirira anachokako Stefano ataphedwa ndi miyala, Saulo akulowa nyumba ndi nyumba kukoka amuna ndi akazi kukawatsekera m'ndende. Filipo anakapezeka akulalikira ku Samariya, kwa anthu amene Ayuda sankayenderana nawo, ndipo mumzindamo munadzaza chimwemwe. Ena anathawira mpaka ku Antiokeya, kumene ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu.

Sindikunena kuti chizunzo n'chokoma ayi. Vesi 2 ikuti Stefano anamulira kwambiri pomuika. Kuzulidwa kumapweteka, ndipo Baibulo silibisa.

Samariya wanga anali pafupi, kuseri kwa mpanda. Mayi ena oyandikana nafe sitinkapatsana moni kuchokera pamene tinakangana za malire. Kutchalitchi ndinkaimba bwinobwino, pa benchi yanga yomweyo, pakati pa anzanga omwewo, chikhristu changa chili phee. Mayiwo atadwala, mtima unayamba kundivuta. Ndinkawapempherera ndili m'nyumba mwanga, poganiza kuti zikwanira, koma mtendere osaupeza. Nditazengereza sabata ziwiri ndinaphika phala, n'kukaima pakhomo pawo mbale ikunjenjemera m'manja. "Odi" wanga anatuluka ngati wa mwana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lowani, khalani pamphasapo." Pemphero langa linali lodukaduka, mawu onse amene ndinakonza anathawa. Ndinabwerako nditafota, ndikudzifunsa ngati ndachita bwino. Patapita masiku atatu mdzukulu wawo anabweza mbale ija, muli mtedza.

Mwina inu madzi akuchepa pamalo pamene munazolowera, ndipo mukuti Mulungu wakutayani. Mwina akhala akukupemphani kutsogolera mapemphero a kumudzi kwanu inu n'kumati "ena achite", kapena pali nambala mu foni mwanumo imene mumaidumpha dala chifukwa mwini wake mukuyenera kumupepesa. Musadikire kuti mantha ayambe atha. Anga sanathe mpaka nditakhala pamphasa paja.

Tipemphere. Atate, mukudziwa khomo limene aliyense wa ife akuliopa m'mawa uno. Tipatseni mphamvu yokaima pamenepo n'kunena odi, ndipo mawu akatithawa mutiyankhulire ndinu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.