Zimene zimagwirizitsa thupi lathu: maselo, mabala ndi malungo

Amfumu, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, zikomo potilandira. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi kuti tisachite kufuula.

Tiyambire pa mphika wa mang'ina. Mukawaphika mpaka afewe, msuzi wotsala n'kuusiya ugone, m'mawa mumaupeza utagwirana, ukunjenjemera m'mbale. Amenewo si mafuta, chifukwa mafuta amayandama pamwamba. Ndi ulusi wa m'thupi wotchedwa kolajeni umene moto wausungunula. Ulusi womwewo tili nawo ife m'khungu, m'mafupa ndi m'mitsempha, ndipo pa mapuloteni onse a m'thupi la munthu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi kolajeni.

Thupi linapangidwa ndi tinthu tamoyo totchedwa maselo. N'tating'ono kwabasi: maselo ofiira a m'magazi okwana 130 mutawandanda ndi pamene angakwane milimita imodzi. Nanga bwanji sitimwazika ngati mchenga? Selo limagwira m'njira ziwiri. Limagwirana ndi anzake, komanso limagwira ukonde wa ulusi umene wayalidwa pakati pawo. Ena amafanizira ndi njerwa ndi matope, koma fanizo limenelo limasokeretsa. Njerwa ikamatidwa yamatidwa basi. Selo lili ngati munthu wa manja, limagwira, limataya, limagwiranso pena.

Manja ogwirana ndi anzake amatchedwa cadherin. Anawatulukira ndi Masatoshi Takeichi wa ku Kyoto, m'dziko la Japan, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Manjawa amakonda mtundu wawo, ndipo amalimba pokhapokha pali mchere wa kashiamu. Ku labotale akachotsa kashiamu m'madzi mmene asungamo maselo, maselowo amatayana. Musathamangire kukagula mapilitsi a kashiamu chifukwa cha zimenezi, magazi amasunga okha mlingo wokwanira. Pakhungu ndi pamtima, pamene pamakokeka kwambiri, manjawa amaunjikana malo amodzi ngati mabatani a malaya. Pali kachilombo kena kotchedwa Staphylococcus kamene kamatulutsa poizoni wodula mabatani amenewa. Khanda limafiira thupi, khungu n'kumasupuka ngati lapsa ndi madzi otentha pamene silinayandikire moto. Musatayire nthawi kulozana zala. Mwanayo afike kuchipatala tsiku lomwelo, akalandire mankhwala opha tizilombo ndi madzi a m'thupi.

Manja ogwira ulusi amatchedwa integrin, ndipo munthu ali ndi mitundu 24. Amenewa amapindika ngati mpeni wa m'thumba. Akapindika sagwira kanthu, akatambasuka amagwira zolimba, ndipo selo lenilenilo ndi limene limalamula nthawi yotambasula. Ntchito yake imaoneka bwino pabala.

Tinene kuti mwadzitema ndi chikwanje pamwendo. M'magazi muli tizidutswa totchedwa ma platelet, timene timayenda masiku 7 mpaka 10 osamata paliponse, chifukwa mkati mwa mtsempha ndi mosalala. Mtsempha ukang'ambika, kolajeni amene anali kuseri amaonekera. Tizidutswato timakodwa pamenepo, timatambasula manja, n'kugwirana ndi tinzake kudzera pa puloteni ya m'magazi yotchedwa fibrinogen, mpaka patapangika chotsekera. Poyamba chotsekeracho n'chofewa ngati phala. N'chifukwa chake timati dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Mukatukula nsalu kuti muone ngati magazi aleka, mwazula zonse zimene zinayamba kugwirana. Nsaluyo ikanyowa sanjikizani ina pamwamba. Amene amamwa asipirini adziwe kuti amafoola tizidutswa timeneti kwa pafupifupi sabata, choncho magazi awo amachedwerapo kuleka.

Magazi akaleka, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira mpaka dothi lonse lichoke. Phulusa, ndowe, dothi la pachulu ndi mankhwala otsukira mano zisayandikire pabala. Dothi ndi ndowe ndiye njira ya kafumbata, ndipo bala lakuya kapena lauve likufunika jakisoni wake.

Kenako amabwera maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi. Iwo amathamanga ndi magazi, ndiye kuima pamalo ovulala si chinthu chapafupi. Khoma la mtsempha wapafupi ndi bala limatulutsa timinga tofewa totchedwa selectin. Selo loyera limakodwa n'kutayika, kukodwa n'kutayika, monga mmene njere ya chisoso imachitira pansalu, mpaka liwiro litachepa n'kumangogubuduka. Apo limatambasula integrin, limaima nji, n'kudzipanikiza pakati pa maselo awiri a khoma kutulukira kubala. Kufiira, kutentha ndi kutupa pang'ono kwa masiku awiri kapena atatu oyamba ndi ntchito imeneyi, musaope. Zoopsa ndi pamene ululu ukunkirankira tsiku lachitatu litadutsa, patuluka mafinya kapena fungo, mzere wofiira ukukwera mwendo, kapena thupi latentha.

Tsopano khungu. Maselo a m'mphepete mwa bala amamasula manja amene anagwira pansi, n'kuyamba kukwawa kulowera pakati, kugwira kutsogolo, kutaya kumbuyo. Pouma amavutika, chifukwa amayenera kukumba pansi pa nkhanambo kuti apeze pogwira. Mu 1962 George Winter wa ku England anaonetsa pa mabala a nkhumba kuti bala lophimbidwa, lokhala ndi chinyontho, limatseka mwamsanga pafupifupi kawiri kuposa losiyidwa pamphepo. Choncho mawu aja oti "lisiye liume" si olondola pa bala loyera. Pakani Vaseline pang'ono, phimbani ndi bandeji yoyera, sinthani tsiku lililonse kapena ikanyowa. Matuza a khasu kapena a moto musawaboole, chikopa chapamwambacho ndi bandeji yabwino kale. Wapsa ndi moto, thirirani madzi ozizira kwa mphindi 20 musanachite china chilichonse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Khungu likatseka pamwamba, pansi ntchito imakhala ili mkati. Kolajeni watsopano amayamba kuyalidwa cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, wosokonekera ngati ulusi wa m'thumba la telala, ndipo pamatenga miyezi kuti alukidwe bwino. Pakatha masabata atatu, bala limakhala ndi mphamvu pafupifupi 20 pa 100 ya khungu labwino. Pakatha miyezi itatu limafika cha pa 80, ndipo chipsera sichipitirira pamenepo. Mayi amene wachira kudzera pa opaleshoni, ngakhale ulusi achotsa, ndowa ya malita 20 asasenze kwa masabata osachepera 6. Apongozi ndi abambo, mtondo ndi mjigo ndi zanu nthawi imeneyo.

Kuti kolajeni alimbe pamafunika vitamini C. Ulusiwu ndi wa nkhosi zitatu zopotana ngati chingwe cha khonje, ndipo popanda vitamini ameneyu nkhosizo sizigwirana. Munthu akakhala mwezi umodzi mpaka itatu osamupeza, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, zipsera zakale zimatha kutsegukanso. Amalinyero a ku Ulaya ankafa nawo matendawa pa maulendo ataliatali, ndipo mu 1747 James Lind anayesa pa odwala 12 m'sitima, amene anadya malalanje ndi mandimu ndi amene anachira msanga. Kwathu kuno mankhwala ake ali pabwalo: gwafa mmodzi patsiku ndi wokwanira n'kutsalako, ndiye pali malambe, mango, papaya ndi tomato. Vitaminiyu amawonongeka ndi kuphika kwa nthawi yaitali, makamaka mukathira soda kapena chidulo. Therere idyani ndithu, koma musaliwerengere pa zimenezi. Wa chilonda akufunikanso nyemba, usipa, mazira kapena mtedza, poti ulusi umapangidwa kuchokera ku mapuloteni. Fodya ndi shuga wokwera m'magazi zimachedwetsa ntchito yonseyi.

Kugwirana kwa maselo kumakhudzanso khansa ya khomo la chiberekero. Pansi pa maselo okuta khomolo pali kansalu kopyapyala ka ulusi. Maselo oyamba kusokonekera akakhala pamwamba pa kansaluko, achipatala amawaona popakapo viniga n'kuwapsereza tsiku lomwelo. Akataya cadherin n'kuboola kansaluko, ndiye khansa yayamba kuyenda. Pakati pa ziwirizi pamadutsa zaka zambiri, ndipo kuyezetsa kumapezerapo mwayi pa zaka zimenezo.

Nthenda imene imagwiritsa ntchito kumata mochenjera kuposa zonse ndi malungo. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'selo lofiira kamakhalamo maola 48. Selo lodwalalo likadutsa mu kapamba limagwidwa n'kuphwanyidwa. Pothawa zimenezi, pakatha maola pafupifupi 16 kachilomboko kamamera timabampu pamwamba pa selolo, tokhala ndi puloteni yomata yotchedwa PfEMP1, n'kulimatika kukhoma la timitsempha ting'onoting'ono kuti lisafikenso ku kapamba. Kali ndi mitundu pafupifupi 60 ya puloteni imeneyi, ndipo thupi likazindikira mtundu umodzi kamasintha n'kuvala wina. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mwana amadwalira malungo kambirimbiri chitetezo chisanakhwime.

Zikamatika m'timitsempha ta mu ubongo, magazi amayenda movutikira, mwana amachita linjirinjiri n'kukomoka. Zambiri zimene dziko lapansi likudziwa pa malungo a mu ubongo zinaphunziridwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza kumeneko muyeso wa kukomoka kwa ana umene unasindikizidwa mu 1989, ndipo umatchedwa ndi dzina la mzindawo. Mu 2015 ofufuza a komweko, pogwiritsa ntchito makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza pamene pamayendetsa kupuma. Phunziro lake kwa ife ndi la nthawi. Mwana akatentha thupi, ayezedwe pasanathe maola 24, ndipo ngati ndi malungo amalize LA yense, kawiri patsiku kwa masiku atatu, atadyako kanthu. Akakhala kuti akusanza chilichonse, sakuyamwa, wachita linjirinjiri kapena sakudzuka, mapilitsi sathandiza, akufunika jakisoni wa artesunate. Kumene chipatala chili kutali, alangizi a zaumoyo amatha kuika mankhwala a kumbuyo kwa mwana wosakwana zaka 6, koma amenewo ndi ongomufikitsa kuchipatala, ulendo usalekeke.

Agogo apa afunsa chifukwa chimene mtsikana wa mimba yoyamba amavutikira ndi malungo pamene anakulira konkuno. Funso labwino. Mu nsengwa muli chinthu chotchedwa chondroitin sulfate A, ndipo mu 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito ku Kenya, anapeza kuti pali mtundu wa kachilomboka umene umamata pamenepo. Mtundu umenewo thupi la mtsikanayo silinakumanepo nawo, poti nsengwa sanakhalepo nayo. Maselo odwala amadzaza nsengwa, chakudya chopita kwa mwana chimachepa, mwana amabadwa wochepa sikelo, mayi magazi amamuthera. Iye mwini akhoza kumadzimva bwinobwino, ngakhale magazi a pachala osaonetsa kanthu pa makina oonera tizilombo. Pa mimba zotsatira chitetezo chimakhala chitaphunzira. Malawi linali dziko loyamba kukhazikitsa zopereka Fansidar kwa amayi oyembekezera ngakhale sakudwala, mu 1993. Amayamba mimba ikakwana masabata 13, mapilitsi atatu nthawi imodzi, omwera pamaso pa anamwino, motalikirana mwezi wathunthu, kosachepera katatu asanachire. Amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku salandira Fansidar, ndiye auzeni anamwino kusikelo, ndipo neti agonemo usiku uliwonse.