GPS ya m'galimoto: yosavuta kuno ku Chigwa cha Shire ndi iti?

[Kamera ili mkati mwa galimoto, yaloza pa dashibodi]

Muli bwanji abale anga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi nonse amene mumatsika phiri la Thabwa kudzationa kuno kuchigwa? Taonani kaye sikirini iyi. Galimotoyi ndaimika pa Dyeratu, koma mapu akuonetsa misewu ya ku Japan, zilembo zakenso za Chijapani. Ambiri amene tinagula galimoto zochokera kumeneko tikuchidziwa chimenechi. GPS ilimo ndithu, koma mapu ake si akwathu, ndiye siingakufikitseni ngakhale pa Nchalo.

Apa mpomwe pagona nkhani. Kachipangizo ka GPS kamamvera ma satelayiti amene akuzungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo kakagwira anayi kapena kuposa, kamadziwa pamene muli. Zimenezi sizifuna bandulo, sizifuna netiweki. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu, ngati simunawasunge m'chipangizocho. Tsono pogula GPS ina yoika m'galimoto, funso loyamba lisakhale la mtengo. Funsani kuti, "Muli mapu a Malawi?"

Ndipo musangomva za m'kamwa mwa wogulitsa. Muuzeni ayatse, inu mulembe nokha: Ngabu. Sorgin. Tengani. Marka. Ngati mainawa sakutuluka, bwezani. Ma GPS ena a kampani ya Garmin amabwera kuchokera ku Ulaya ali ndi mapu a kumeneko okha. Ochokera ku South Africa nthawi zambiri amakhala ndi mapu a maiko a kummwera kuno kwa Africa, komabe yesani. Palinso mapu a Tracks4Africa olowetsa mu Garmin pa memori khadi, amene amathandiza m'misewu yafumbi ngati yolowera ku Lengwe, ku Majete kapena ku Mwabvi.

[Kuonetsa foni]

Ena mufunsa kuti, bwanji osangogwiritsa ntchito foni? Zimatheka, ndipo kwa ambiri ndi njira yotchipa. Pa Google Maps mungathe kusunga mapu a dera lonse kuyambira Blantyre mpaka Marka muli pamalo pa netiweki yabwino, kenako n'kumayenda opanda intaneti. Mapulogalamu a pafoni a Organic Maps ndi OsmAnd nawonso amasunga mapu a dziko lonse m'foni.

Koma kuno tili ndi mdani amene anzathu a kumtunda samuganizira kwenikweni: dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye taganizani za pansi pa galasi lakutsogolo masana. Kampani ya Apple imanena kuti iPhone izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ine zinandionekera ndikupita kumaliro kuseri kwa Ngabu. Foni ndinaimata pagalasi, ili pachaja. Nditangosiya tala, inalemba kuti yatentha kwambiri, sikirini n'kuzima, pomwe patsogolo panga pali mphambano ya njira zitatu. Poichotsa ndinachita kuigwira ndi mpango. Anandilondolera ndi bambo wina amene ankadyetsa ng'ombe.

Nchifukwa chake ine, kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku, ndimakonda GPS yapayokha. Imapirira kutentha kuposa foni, ndipo wina akakuimbirani mapu sachoka. Komabe nayonso ili ndi batire, ndiye mukaimika galimoto ichotseni pagalasi, muibise pamthunzi. Batire likaphikidwa masiku ambiri limafufuma. Kogwirira kamphira komata pagalasi kaja kamalefuka ndi dzuwa, ndipo pa mabampu kamagwa. Sankhani kogwirira kolimba ka pa dashibodi, kapena ngati ndi foni, kokoleka potulukira mphepo yozizira.

Sikirini ya mainchesi 5 kapena 6 ndi yokwana. Iyeseni panja padzuwa, osati m'sitolo, muone ngati ikuwerengeka. Mawu akhale okweza moti muziwamva mawindo ali otsegula, kuti maso akhale pamsewu, chifukwa pa M1 pano njinga za kabaza, ngolo ndi mbuzi sizichenjeza. Komwe mukupita lembani galimoto isanayambe kuyenda.

Tsopano chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri. M'makonzedwe a GPS muli posankha pakati pa njira yaifupi ndi njira yachangu. Kuno musasankhe yaifupi. Taonani pamapupa: Bangula ndi Makhanga zayandikana, pakati pali Shire basi. Koma kuyambira pamene madzi anadula njira pa Mtayamoyo, pafupi ndi Bangula, mu 1997, anthu amaoloka pabwato. Wagalimoto amayenera kubwerera mpaka ku Thabwa n'kutsika ndi msewu wa East Bank. Mapu akale angakuuzeni kuti pitirirani. Ndipo madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaononga milatho ndi misewu m'malo ambiri, pamene mapu sasintha msanga chotero. Gulani GPS yolola kulowetsa mapu atsopano mwaulere, ndipo muziwalowetsa mvula isanayambe.

Nyengo yadzinja, musanasiye tala, imani pa siteji mufunse a kabaza kapena madalaivala a minibasi kuti, "Achimwene, mtsinje uja ukuoloka lero?" Akakuuzani kuti wadzaza, tembenukani, ngakhale mzere wa pasikirini ukuloza kutsogolo.

Mundilembere m'munsimu dera limene GPS yanu inakusocheretsani, ndikaliyendere ndi kamera sabata yamawa.