Gitala ya magetsi: kapangidwe kake ndi waya wa ethi amene timamudula

Amfumu, abusa, makolo ndi inu achinyamata nonse, zikomo kwambiri chifukwa chondipatsa mpata woti ndiyankhule. Ambiri mumandidziwa ngati kalipentala wa zitseko ndi mipando, koma ena mukudziwanso kuti ndinayamba kupanga magitala ndili mnyamata, poyamba a zigubu za mafuta okhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, kenako a magetsi amene ena mwa inu mumaliza m'makwaya ndi m'mabandi.

Chimene chatisonkhanitsa tonse tikuchidziwa. Sabata yatha pa msonkhano wa chitsitsimutso uja, mwana wathu wina anali ndi gitala m'manja, ndipo atayandikira maikolofoni kuti ayambitse nyimbo, mlomo wake unangokhudza chitsulo chake basi, iye n'kugwa pansi ali gwaa. Mwayi wake unali wakuti munthu wina anathamanga kukazimitsa jenereta. Lero mwanayo ali bwino, kupatula mabala a pamlomo ndi pazala. Kuyambira tsiku limenelo ndamva zambiri. Ena akuti gitala yopanga pamanja ndi yoopsa ndipo ana tiwaletse, ena afika pomaloza anzawo zala kuti pali za ufiti. Ine gitalayo ndinaitenga n'kuimasula yonse, ndipo ndinapeza kuti inalibe vuto lililonse. Vuto ndinalipeza pa chingwe cha ampulifaya. Pulagi inali itachotsedwa, mawaya awiri analowetsedwa m'soketi n'kupanikizidwa ndi timitengo ta machesi, ndipo waya wachitatu, wobiriwira ndi wachikasu uja amene timamutcha ethi, woteteza munthu ku magetsi, anali atadulidwa n'kupindidwa pambali ngati wopanda ntchito.

Mundimvetse bwino pamenepa, chifukwa mawu amenewa ndiwabwereza kangapo lero. Musagwire nsambo za gitala yolumikizidwa ku ampulifaya imene ilibe waya wa ethi.

Gitala payokha ilibe magetsi oti n'kupha munthu. Pansi pa nsambo pamakhala kachipangizo kotchedwa pikapu, osati galimoto yonyamula matumba ija ayi. Kameneka ndi timaginito 6 tokulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo pa gitala ya mtundu wa Stratocaster wayayo amazungulira maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa timaginitoto, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri, kawirikawiri tosafika ngakhale pa mphamvu ya batire imodzi ya tochi. N'chifukwa chake nsambo za pulasitiki sizilira pa gitala ya magetsi, popeza maginito sakoka pulasitiki. Komano mmisiri aliyense wodziwa ntchito amaika waya wina wochokera pa buriji, chitsulo chimene chimagwira nsambo kumunsi, kupita ku bowo lolowetsapo chingwe. Amatero pofuna kuthetsa kulira kwa ng'iii kumene mumakudziwa kuja. Tanthauzo lake ndi lakuti nsambo zimene zili m'zala zanu ndi zolumikizana mwachindunji ndi chitsulo cha ampulifaya. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi mavolti 230. Ngati m'kati mwa ampulifaya waya wamoyo wakhudza chitsulo, phini lalikulu la pamwamba pa pulagi ndilo limatenga magetsiwo kupita nawo pansi, fyuzi n'kupsa, inu n'kupulumuka. Mukalidula phinilo magetsi amakhala chidikirire njira ina, ndipo njirayo imakhala zala zanu, chifuwa chanu, mpaka mlomo umene wakhudza maikolofoni kapena mapazi amene aponda pansi ponyowa.

Izi sizinayambire kwathu kuno. Mu 1972 woliza gitala wa gulu la Stone the Crows, Les Harvey, anafera pa nsanja mumzinda wa Swansea ku Wales anthu akuona, atagwira maikolofoni imene inalibe ethi yoyenera. Mu 1976 Keith Relf, amene kale anali woyimba wa gulu la Yardbirds, anafa atagwidwa ndi magetsi akuliza gitala m'nyumba mwake ku London. Amenewa anali anthu okhala ndi zida zogula m'sitolo, za mafakitale otchuka. Ndiye nkhani yoti gitala yopangidwa pakhomo ndiyo yoopsa tiyisiye.

Ndiponso gitala ya magetsi imene tikuidziwa lero inachokera m'manja mwa amisiri ngati ife. Leo Fender, wa ku Fullerton m'chigawo cha California, anali wokonza mawailesi ndipo sankadziwa n'komwe kuliza gitala. Mu 1950 anatulutsa gitala ya thabwa lolimba lopanda mphako, khosi lake lomangidwa ndi masikuluwu anayi, imene kuyambira 1951 inayamba kutchedwa Telecaster, ndipo Stratocaster inabwera mu 1954. Ku Britain, Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga gitala yake mu 1963 pamodzi ndi bambo ake, khosi lake akulisema kuchokera ku thabwa lakale la pa malo osonkhapo moto m'nyumba, ndipo waigwiritsa ntchito moyo wake wonse. Ife amene tinakulira pa magitala a zigubu ndi mababatoni tisachite manyazi ndi ntchito ya manja athu. Chimene tiyenera kuchita nacho manyazi ndi khalidwe lathu lolowetsa pulagi ya mapini awiri m'soketi ya mapini atatu pokankha ndi kiyi kapena cholembera. Ndakuonani mukuchita zimenezi, achinyamata inu, ndipo makolo enanu ndi amene munawaphunzitsa potchaja mafoni. Pa foni mwina mupulumuka, koma pa ampulifaya musayese. Musagwire nsambo ngati ampulifaya ilibe ethi.

Tsopano tibwere ku thabwa, chifukwa gitala yabwino imayambira pamenepo. Nsambo 6 zikamangidwa bwinobwino zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, usana ndi usiku, pafupifupi ngati kulipachika thumba la chimanga osalitsitsa. Thabwa laliwisi silingapirire zimenezo. Gitala yanga yoyamba ya magetsi ndinaipanga ndi thabwa limene wogulitsa anandilumbirira kuti ndi louma, ine chifukwa cha changu sindinadikire. Ndinaimaliza m'nyengo ya mvula ikuoneka bwino kwambiri, koma pofika Okutobala khosi linali litapindika ngati uta, moti pakati pa nsambo ndi khosi pankalowa chala changa chaching'ono. Mwini wake anandibwezera ndipo ndalama zinandithera pachabe. Kuyambira pamenepo thabwa la khosi ndimalisunga pa denga la shedi yanga chaka chathunthu, nditaika timitengo pakati kuti mphepo idutse. Mbawa ndi mtengo wabwino kwambiri pa ntchitoyi, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mahogany imene kampani ya Gibson inagwiritsa ntchito pa gitala ya Les Paul kuyambira 1952. Mlombwa nawonso umauma bwino osapindika. Koma dziwani kuti mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, anaika mbawa ndi mlombwa wa mu Africa pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo poitulutsa kunja kwa dziko, ndipo mkungudza wa ku Mulanje ndi wotetezedwa, musaugule n'komwe. Chitseko chakale kapena bedi lothyoka la mbawa ndi thabwa louma kale kuposa lililonse la pamsika, ndipo simudula nalo mtengo.

(Bambo wina akukweza dzanja.) "Pepani achimwene, ine mwana wanga amandionetsa pa foni makina a kompyuta amene amasema gitala okha. Akuti popanda makina amenewo tikungotaya nthawi. Nanga ife osauka tipanga bwanji?"

Zikomo bambo, funso limenelo ndi lofunika ndipo ndiliyankha mofatsa. Makina amene mwanayo akunena amatchedwa CNC. Munthu amajambula gitala pa kompyuta, m'mapulogalamu ojambulira otchedwa CAD, ndipo makinawo amatsatira chojambulacho n'kusema thabwa molondola kwambiri, magitala khumi onse ofanana ndendende. Mafakitale akuluakulu masiku ano amagwiritsa ntchito zimenezo, n'zoona. Koma makinawo sasankha thabwa, sadziwa ngati ndi louma, ndipo mukalakwitsa muyeso pa kompyuta amasema cholakwikacho molondola kwambiri, kakhumi konse. Magitala a Fender a zaka za m'ma 1950, amene lero anthu amawagula ndi ndalama zambirimbiri, anasemedwa kulibe CNC, amisiri akutsatira zikombole basi.

Pamene kompyuta ndi foni zimatithandiza ife ndi pa masamu. Mtunda wochoka pa kafupa ka kumutu kwa khosi kufika pa buriji umakhala mamilimita 648 pa magitala a Fender, ndipo pa a Gibson ndi pafupifupi 628. Musankhe umodzi musanadule kalikonse. Tizitsulo topingasa pakhosi, mafureti aja, sitiikidwa mongoyerekeza ndi maso monga tinkachitira pa magitala a zigubu. Mumatenga 648 n'kugawa ndi 17.817, ndipo mumapeza mamilimita 36.4, apo ndiye pa fureti yoyamba. Mumachotsa muyeso umenewo pa 648, chotsalacho n'kuchigawanso ndi 17.817, n'kupeza mamilimita 34.3 ofika pa fureti yachiwiri, n'kumapitirira choncho mpaka kumapeto. Ngati mwawerenga bwino, fureti ya nambala 12 igwera pakati penipeni, pa mamilimita 324. Ikapanda kugwera pamenepo dziwani kuti penapake mwasokoneza. Masamu onsewa foni ya mwana wanuyo ikhoza kuwachita m'kanthawi kochepa, ndipo pa intaneti pali zowerengera zaulere zimene zimakupatsani miyeso yonse kamodzi. Chachiwiri, chojambula cha thupi la gitala mukhoza kukachisindikiza pa mapepala m'malo osindikizira a m'tauni, n'kulumikiza mapepalawo, n'kuwamata pa pulayiwudi, n'kudula chikombole chimene mudzagwiritsa ntchito zaka zambiri. Chenjerani pa chinthu chimodzi: muwauze osindikizawo kuti asachepetse kapena kukulitsa chithunzicho, ndipo mukalandira pepalalo muliyeze ndi rula yachitsulo musanachoke. Ine zinandichitikira, makina anachepetsa chojambula pang'ono kuti chikwane papepala, ndipo ndinazindikira nditaboola kale malo a khosi. Ndiye mwanayo musamuletse foni, bambo, koma mumuuze abwere nayo ku shedi adzagwire tchizulo ndi sandipepa. Mumuuzenso kuti ngakhale gitala yosemedwa ndi makina okwera mtengo chotani idzamugwetsa pansi chimodzimodzi ngati ampulifaya ilibe waya wa ethi.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo amayi ena ayamba kusuzumira panja, ndiye zotsalazi ndizinena mwachangu. Dulani thupi motsatira chikombole, lokhuthala pafupifupi mamilimita 45. M'kati mwa khosi musemepo ngalande n'kuikamo ndodo yachitsulo yomangidwa ndi nati, imene imawongola khosi likayamba kupindika, ndipo ndodo imeneyi musaidumphe ngakhale ndalama zitachepa. Chekani mipata ya mafureti ndi sowo yopyapyala, khomani tizitsuloto, ndipo mutisalaze kuti tifanane msinkhu. Buriji muiike mutayeza kuchokera pa fureti ya nambala 12, osati kuchokera m'mphepete mwa thabwa. Popala ndi sandipepa ndi popopera penti kapena vanishi, chitirani panja mutavala chotchinga pamphuno, kutali ndi mbaula, chifukwa thina imayaka msanga. Powotcherera mawaya tsatirani chojambula, osaiwala waya wa pa buriji. Ampulifaya musaitsegule ngati simunaphunzire ntchitoyo, makamaka zakale zija za mavavu, timababu tagalasi ta m'kati mwake, popeza zimasunga mavolti mazanamazana ngakhale mutazichotsa kumagetsi.

Pa misonkhano ya pabwalo, zida zonse zitenge magetsi pamalo amodzi, jenereta ayione wodziwa zamagetsi kuti ethi yake ili bwino, ndipo ngati n'kotheka gulani kachipangizo kodula magetsi kotchedwa RCD, ka mamiliampu 30. Musalize gitala opanda nsapato pa simenti kapena pa udzu wonyowa. Mukamva kulumaluma pamlomo kapena pazala, siyani pomwepo, musanene kuti ndi zazing'ono. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, zimitsani kaye magetsi kapena mumukankhe ndi mtengo wouma, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, chifukwa magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Ndibwerezenso komaliza, musagwire nsambo ngati ampulifaya ilibe ethi.

Ndabwera ndi mita yoyezera magetsi ndi mapulagi a mapini atatu angapo, ali m'katoni umu. Abusa, ndikupempha kuti tiyambire ampulifaya ya kwaya ya mpingo uno, ndipo a mabandi amene mwabwera ndi zida zanu mubwere nazo kutsogolo kuno mmodzimmodzi. Amene mwasiya kunyumba mudzandipeze ku shedi Loweruka m'mawa, kuyeza n'kwaulere.