Mpingo wa kuseri kwa phompho

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Ahebri 13:12-13. Mawuwa akutiuza kuti Yesu anazunzika kunja kwa chipata cha mzinda, ndipo akutiitana kuti titulukire kwa Iye kunja kwa msasa, titasenza chitonzo chake.

Ku Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific, kuli chilumba cha Molokai. Kumpoto kwake kuli kamtunda kolowa m'nyanja kotchedwa Kalaupapa. Mbali zitatu ndi madzi okhaokha, mbali yotsalayo ndi phompho lalitali mamita oposa 500. Mlendo amafikako pa kandege kakang'ono, ngakhale kale ankathanso kutsika wapansi ndi kanjira kokhota ka 26, ndipo salowako popanda chilolezo. Malo okongola zedi, koma akangoyamba kuyenda amapeza manda mbali zonse, ambiri opanda dzina.

Mu 1865 Mfumu Kamehameha V inavomereza lamulo loti odwala khate apatulidwe. Mu Januwale 1866 anthu 12 oyamba anakasiyidwa ku Kalawao, mbali ya kum'mawa kwa kamtundako. Pofika 1969, pamene lamulolo linathetsedwa, anthu pafupifupi 8,000 anali atatumizidwa kumeneko. Mayi ankachotsedwa pakati pa ana ake, mwana wa sukulu ankakwezedwa sitima makolo akulira pa doko. Ngakhale makanda obadwira komweko ankalandidwa m'manja mwa amayi awo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi: chaka choyamba chomwecho, 1866, kulibe dokotala, chakudya chikuperewera, odwala okwana 35 anasonkhana n'kukhazikitsa mpingo, nautcha Siloama, dzina la thamanda lija la pa Yohane 9. Sanadikire m'busa wochokera kutali. Anthu amene boma linawawerengera kumanda anadziwa kuti Mulungu anatsika nawo phompho lija, ndipo anayamba kuyimba ndi kupemphera ndi zala zothothokazo. Kunalinso amuna ndi akazi alunga amene anakana kusiya okondedwa awo, nalowa nawo m'sitima mwa kufuna kwawo kuti akawatungire madzi ndi kuwaphikira. Mayina a ambiri a iwo sitiwamva pa guwa, koma Mwini wake akuwadziwa.

Bambo Damien, wansembe wa ku Belgium, anafika mu Meyi 1873. Ankatsuka zilonda, kumanga nyumba, kukhoma mabokosi a maliro ndi kukumba manda ndi manja ake. Ankadya mbale imodzi ndi odwala. M'tchalitchi cha St. Philomena muli timabowo pansi, toti odwala ovutika ndi malovu azilavuliramo osatuluka panja Misa ili mkati. Taganizani chikondi chofika poganizira kanthu kotero! Bambo Damien anadwala khate lomwelo namwalira pa 15 Epulo 1889 ali ndi zaka 49. Mayi Marianne Cope anabwera ndi masisitere anzake mu 1888, nakhala komweko mpaka imfa yawo mu 1918. Iwo ankalimbikira zaukhondo ndi kusamba m'manja, ndipo sanatenge matendawa. Onse awiri anakonda mofanana, musaganize kuti chikondi chenicheni n'chokhacho chothera kumanda.

Mankhwala ochiza anafika ku Kalaupapa mu 1946. Chipata chitatseguka mu 1969, ambiri anasankha kukhalabe. Kumene anatayidwa kuja kunali kutasanduka kwawo, kwinaku kunja kusalidwa kunali kusanathe.

Abale anga, lamulo la pa Levitiko 13:46 linkati wakhate akhale yekha kunja kwa msasa. Koma pa Marko 1:41 Yesu anatambasula dzanja namukhudza munthu wotero asanachire n'komwe. Akanatha kungolankhula ali patali, monga anachitira ndi akhate khumi aja. Uyu anamukhudza, chifukwa munthu amene watha zaka osagwidwa dzanja ali ndi bala lina losaoneka pakhungu.

Kwathu kuno khate lilipobe, ndipo a ku Balaka amadziwa mbiri ya ku Utale kumene odwala akhala akusamalidwa. Khate si temberero, si ufiti, si chilango cha tchimo la makolo. Limayamba ndi tizilombo, limachizika ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, ndipo amene wayamba kumwa mankhwala sapatsiranso ena. Mukaona banga lotuwa pakhungu losamva kukhudza, thamangirani kuchipatala msanga zala zisanawonongeke. Koma tisanamizane, phompho timamanganso ndi pakamwa pathu: wa khunyu amene timamupatulira kapu yake, wodwala maganizo womangidwa kuseri kwa nyumba, wotuluka kundende amene palibe wofuna kukhala naye benchi imodzi m'tchalitchi. Mukumudziwa wina wotero. Lero mupiteko, mukamupatse moni wa m'manja, mukhale pansi, akakupatsani madzi mumwe.

Tipemphere. Atate, tikhululukireni chifukwa cha anthu amene tawatsekera kunja. Limbitsani odwala khate ndi onse owasamalira. Tichotsereni mantha ndi kunyansidwa, mutipatse miyendo yopita kumene Mwana wanu ali kale. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.